Si kutupa kulikonse kwa chithokomiro komwe kumafuna ayodini

Kwa zaka zambiri anthu akhala akuphunzitsidwa kuti khosi limatupa chifukwa chosowa ayodini, ndipo uthengawu wathandiza kwambiri kuti mabanja azigula mchere wothira ayodini. Vuto ndi lakuti ambiri tsopano amakhulupirira kuti aliyense wotupa chithokomiro akungofunika kuwonjezera mcherewo, zomwe si zoona.

Chithokomiro chili kutsogolo kwa khosi, ndipo chimagwiritsa ntchito ayodini popanga mahomoni omwe amalamulira liwiro limene thupi limagwiritsira ntchito mphamvu. Kutupa kwina kwa chithokomiro kumabwera chifukwa cha matenda a Graves, omwe dokotala wa ku Ireland Robert Graves anawafotokoza mu 1835. Pa matendawa, chitetezo cha m'thupi chimalakwitsa n'kumakakamiza chithokomiro kupanga mahomoni ochuluka mopitirira muyeso. Wodwala amaonda ngakhale akudya kwambiri, mtima umathamanga, manja amanjenjemera, amatuluka thukuta ngakhale kukuzizira, ndipo ena maso amatong'oka. Matendawa amagwira amayi ambiri kuposa abambo, ndipo n'zomvetsa chisoni kuti kuondako kumachititsa anthu ena kuwanena kuti ali ndi kachilombo ka HIV kapena kuti alodzedwa.

Munthu wotere ayodini wowonjezera angathe kumukulitsira matenda. Chofunika ndi kuyezetsa magazi kuti aone mlingo wa TSH ndi T4, mahomoni omwe amasonyeza mmene chithokomiro chikugwirira ntchito. Madokotala amapereka carbimazole wochepetsa mahomoni ndi propranolol wokhazika mtima pansi, ndipo ena amachitidwa opaleshoni. Akapanda kuchizidwa, matendawa amasokoneza kagundidwe ka mtima ndi kufooketsa mafupa.