Phunziro Kunyumba, Homuweki M'kalasi

Aliyense amene anagwirako choko amalidziwa vuto ili. Mwana amagwedeza mutu pamene mphunzitsi akufotokoza pabolodi, ndipo amaonadi ngati wamva. Akafika kunyumba n'kutsegula kope kuti ayambe samu yoyamba, zonse zimabalalika, ndipo womufunsa palibe. Njira yophunzitsira yotchedwa flipped classroom inabadwa pofuna kukonza zimenezi. Phunziro latsopano mwana amakumana nalo kunyumba, kudzera pa vidiyo yaifupi ya pa intaneti kapena tsamba lowerenga. Ntchito imene tinazolowera kuti ndi homuweki imagwiridwa m'kalasi, mphunzitsi ali pomwepo.

Anaitchukitsa ndi aphunzitsi awiri a chemistry, a Jonathan Bergmann ndi a Aaron Sams, a pa sekondale ya Woodland Park ku Colorado m'dziko la America. Ana ambiri pasukulupo ankaphonya makalasi chifukwa cha maulendo ataliatali okachita masewera ndi masukulu ena. Mu 2007 awiriwa anayamba kujambula maphunziro awo pa kompyuta, mawu pamodzi ndi zolemba, kuti ophonyawo asatsalire. Posakhalitsa anaona kuti ngakhale ana amene analipo m'kalasi ankaonera mavidiyowo, kuwaimitsa, kubwerera m'mbuyo, kumvetseranso pamene panawavuta. Mphunzitsi wamoyo sungamuimitse kasanu pamaso pa anzako popanda kuchita manyazi. Choncho anasamutsira kufotokoza konse kunyumba, nthawi ya m'kalasi n'kuisiyira masamu, zoyesayesa za mu labu ndi mafunso. Buku lawo lofotokoza njirayi linatuluka mu 2012, nthawi imene mavidiyo ophunzitsa a bungwe la Khan Academy pa YouTube anali atayamba kale kulowa m'masukulu ambiri.

Chimene chimandidetsa nkhawa n'chakuti anthu ambiri akamva nkhaniyi amangogwira za vidiyo. Vidiyo ndi gawo laling'ono chabe. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, YouTube kulibe, a Eric Mazur ophunzitsa physics pa yunivesite ya Harvard ku America anazindikira kuti ophunzira awo ankakhoza mafunso oloweza malamulo koma ankalephera mafunso osavuta ofuna kumvetsa. Anayamba kuwauza kuti aziwerengeratu asanabwere. M'kalasi ankaponya funso limodzi, aliyense n'kuyankha payekha, kenako n'kutembenukira kwa woyandikana naye kuti amutsimikizire kuti yankho lake ndilo lolondola, n'kuyankhanso kachiwiri. Nthawi zambiri oyankha molondola ankachuluka. Chifukwa chake n'chomveka: mwana amene wangomvetsa kumene amakumbukira pamene panamukola, pamene mphunzitsi wa zaka makumi awiri pantchito anaiwala kalekale kuti pamenepo m'povuta.

Ndiye kalasi yoyenda bwino imakhala yotani? Vidiyo isapitirire mphindi khumi, ndipo ikhale ya mfundo imodzi. Mwana abwere ndi zimene walemba komanso funso limodzi la pamene sanamve. Mphindi zoyambirira mphunzitsi amaponya mafunso awiri kapena atatu kuti adziwe amene wakonzeka ndi pamene ambiri asokonekera. Kenako bolodi amalisiya. Amayenda pakati pa madesiki, kuyang'ana m'makope, kuima pa mwana amene cholembera chake chaima. M'kalasi yachizolowezi amene amalankhula ndi mphunzitsi ndi anzeru okweza manja aja. Muno mphunzitsi amakhalitsa pa ofooka, ndipo kwa ine ubwino waukulu wa njirayi ndi umenewu. Ntchito ya mphunzitsi sichepa ayi. Kukonza zochita za m'kalasi zimene zingagwire ana onse kwa mphindi makumi anayi n'kovuta kuposa kulemba manotsi pabolodi.

Koma njirayi si mankhwala a nthenda zonse. Kafukufuku wina amene anachitika pa sukulu ya asilikali ya West Point ku America, wotsogoleredwa ndi a Elizabeth Setren, anagawa makalasi mwamaere, ena kutsata njira yatsopanoyi, ena yakale. Pa masamu, otsata njira yatsopano anakhoza bwino mayeso apafupi, koma pofika mayeso omaliza kusiyanako kunali kutazimiririka. Pa economics sipanaoneke kusintha. Chopweteka kwambiri n'chakuti amene anapindula anali makamaka okhoza kale, moti mpata pakati pa amphamvu ndi ofooka unakula. Njira imene imayamba ndi kukonzekera kunyumba imakondera mwana amene ali ndi malo, nthawi ndi chizolowezi chowerenga payekha. Amene sanaonere vidiyo amafika m'kalasi wopanda poyambira, anzake ali kale pakati pa ntchito.

Apa m'pamene ife akuno tiyenera kusamala. Pakhomo pamene foni ndi imodzi, bando ya intaneti ndi yodula, magetsi ndi oyendera mwayi, ndipo mtsikana akaweruka amayamba kutunga madzi ndi kuphika, kungotumiza vidiyo ndi kusankhiratu ana amene aphunzire. A Bergmann ndi a Sams nawo anali ndi ana opanda intaneti, ndipo ankawaikira maphunzirowo pa ma DVD ndi ma flash. Mphunzitsi wakuno angathe kutumiza mawu ojambula a mphindi zitatu pa WhatsApp, omwe sadya bando yambiri, kapena kupereka pepala limodzi losindikiza lokhala ndi chitsanzo chowerengeredwa kale. Pamene ngakhale zimenezo sizingatheke, gulu limodzi lingaonere phunzirolo pasukulu pomwepo nthawi ya sitade, pa foni kapena kompyuta imodzi.

Kwa mphunzitsi wofuna kuyesa, ndinganene kuti ayambe ndi mutu umodzi umene ana amalephera chaka ndi chaka, monga ma fraction kapena kulinganiza ma equation a chemistry. Akonzeretu chimene adzachite ndi ana amene adzabwere osakonzeka, chifukwa adzakhalapo ndithu, ndipo akangowabwerezera phunziro lonse pabolodi, mawa lake ngakhale okonzeka aja sadzaoneranso vidiyo.