Chikwama chothawa nacho madzi osefukira: mafunso ndi mayankho kwa anthu a ku Dedza ndi Ntcheu

Mvula ikagwa mwamphamvu kumapiri a Dedza ndi a Ntcheu, madzi ake amatsikira kuzigwa, ndipo mitsinje monga Livulezi, Nadzipulu ndi Namikokwe imatha kusefukira usiku ngakhale kuti kumene anthu agonako sikunagwe dontho ndi limodzi lomwe. Mabanja a ku Golomoti, ku Mtakataka ndi m'chigwa cha Bwanje ndi amene ayenera kukhala ndi chikwama cholongedzeratu, chokwanira masiku atatu.

Kodi amene amauza anthu kuti asamuke ndi ndani?

Chenjezo limachokera ku nthambi ya boma yoona za nyengo, ndipo nthambi ya DoDMA, imene imayang'anira ngozi zogwa mwadzidzidzi, imalifikitsa kwa anthu kudzera pa wailesi, kukhonsolo, kwa mafumu ndi m'makomiti a m'midzi. Mu 2023, patangopita nthawi yochepa namondwe wa Freddy atapha anthu oposa 1,000 m'chigawo cha kumwera, Nyumba ya Malamulo inavomereza lamulo latsopano la ngozi zoterezi m'malo mwa lamulo la 1991. Kawirikawiri anthu amakasonkhana pasukulu kapena patchalitchi pamene pali pamtunda. Funsiranitu a komiti ya m'mudzi mwanu malo amenewa mvula isanayambe mu Novembala, ndipo ana anu nawonso awadziwe.

Kodi si zokwanira kutola katundu pa nthawi yothawayo?

Ayi. Madzi akalowa m'nyumba pakati pa usiku, munthu amagwira mwana ndi chilichonse chimene dzanja lake lakhudza, ndipo m'mawa amapezeka ali ndi poto koma alibe mankhwala ake. Komanso thandizo la boma ndi la mabungwe monga Malawi Red Cross Society limachedwa kufika ngati milatho yakokoloka.

Choyamba kulowa m'chikwama n'chiyani?

Zinthu zimene mnansi wanu sangakubwerekeni. Nsima anthu amagawana, chitenje amabwerekana, koma palibe amene angakupatseni mankhwala anu a ma ARV, a chifuwa chachikulu, a shuga, a kuthamanga kwa magazi kapena a khunyu. Kudumphitsa mankhwala otere n'koopsa, ndipo pamsasa simungayembekezere kuti achipatala afika nawo tsiku loyamba. Popeza mankhwalawa mumamwa tsiku lililonse, malo ake osungira akhale m'chikwamamo kapena pambali pake penipeni nyengo yonse ya dzinja.

Pamodzi ndi mankhwala pakhale chiphaso cha unzika, kabuku ka kuchipatala ka aliyense m'banjamo, makamaka ka mwana wa kusikelo ndi ka mayi woyembekezera, masatifiketi a sukulu ndi mapepala a malo. Chiphaso chimafunika polembetsa mayina a olandira thandizo, ndipo kabuku kamauza dokotala amene sakukudziwani mankhwala amene mukulandira. Zikutireni mu jumbo yolimba, mumange pakamwa ndi mphira, kenako muike mu jumbo ina, chifukwa inki ya m'kabuku ikanyowa imafufutika. Amene ali ndi foni yojambula ajambule mapepalawa n'kutumiza zithunzi kwa mbale wake wokhala kutali. Mayi amene masiku ake ayandikira awonjezere zitenje ndi katundu yense amene anamwino anamuuza kuti akonzeretu.

Nanga chakudya ndi madzi?

Tengani kamba wosalira moto, chifukwa nkhuni zimakhala zanyowa: mtedza wokazinga, chimanga chokazinga, mabisiketi ndi shuga pang'ono. Ufa wa Likuni Phala wa mwana ndi kapoto kakang'ono zikhoza kulowa ngati malo alipo.

Nkhani ya madzi ndi imene ambiri timaipeputsa, poganiza kuti madzi ali paliponse. Chigumula chimagwetsa zimbudzi n'kukokolera zonyansa m'zitsime, ndipo kolera imayambira pamenepo. Mliri wa kolera umene unayamba mu 2022 unapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno. Nyamulani chigubu cha malita 5 chokhala ndi chivindikiro, ndi botolo la WaterGuard kapena kolorini wochokera kwa alangizi a zaumoyo. Mukathira mankhwalawo motsatira mlingo wake, dikirani mphindi 30 musanamwe. Musaiwale sopo ndi mapaketi a Thanzi ORS. Paketi imodzi imasungunulidwa mu lita imodzi ya madzi otetezedwa, ndipo mwana akayamba kutsegula m'mimba muyambe kumumwetsa nthawi yomweyo uku mukufunafuna achipatala.

Zovala ndi zofunda zichuluke bwanji?

Aliyense akhale ndi zosinthira kamodzi. Bulangeti lisasowe, makamaka kwa okhala kumtunda monga ku Bembeke ndi ku Tsangano, kumene kumazizira ngakhale m'dzinja ndipo mphepo yamkuntho imasasula madenga. Neti yoteteza ku udzudzu ndi yopepuka, ndipo ndi yofunika kwambiri m'kalasi momwe mwagona anthu ambiri pafupi ndi madzi oima. Amayi ndi atsikana aikemo zogwiritsa ntchito akakhala kumwezi, chifukwa pamsasa zimenezi zimasowa ndipo ambiri amachita manyazi kupempha.

Kodi ndalama za mufoni si zokwanira?

Airtel Money ndi Mpamba zimathandiza ngati netiweki ilipo ndipo ejenti watsegula, koma namondwe amagwetsa mapolo a magetsi. Sungani ndalama zogwirika pang'ono, zosinthasintha. Ikanimonso tochi, mabatire, machesi okutira mu pulasitiki, tchaja, ndi pepala limene mwalembapo manambala a achibale ndi a wapampando wa komiti. Kawailesi ka mabatire kadzakuuzani ngati mvula ikupitirira.

Nanga mbuzi, nkhuku ndi chimanga?

Funso limeneli ndi lopweteka, chifukwa pabanja la kumudzi chuma ndi chimenecho, ndipo kuopa akuba kumachititsa abambo ambiri kutsalira. Ziweto ndi matumba a chimanga zisamuke chenjezo likangomveka, kudakali kowala, kupita kwa achibale a kumtunda. Ngati nthawi yatha, tsegulani khola kuti ziweto zithawe zokha, ndipo inu nyamukani. Musabwerere kukatenga chimene mwaiwala, ndipo musawoloke mtsinje wothamanga, chifukwa madzi osafika n'komwe m'mawondo amatha kugwetsa munthu wamkulu.

Chikwamachi chizikhala pati, ndipo anyamule ndani?

Chipachikeni pamsomali pafupi ndi khomo, pamwamba poti madzi ndi makoswe sangafike. Chikhale chobereka kumsana kuti manja atsale ogwira ana kapena agogo, ndipo ngati chikulemera moti mayi wobereka mwana sangayende nacho mtunda wautali, gawani katunduyo pawiri, mwana wamkulu anyamule katundu winayo. Gwirizananinso amene adzathandize wachikulire kapena wolumala wa pakhomopo. Kamodzi pamwezi, kuyambira Novembala mpaka Epulo, tsegulani chikwamacho, musinthe mtedza umene wafumbwa ndi kuyesa ngati tochi ikuyakabe.