Mkaka Sutsuka Fumbi M'mapapo

Kwa zaka zambiri takhala tikumva mawu omwewa m'magalaja, kwa owotcherera zitsulo ndi kwa oswa miyala: ukaweruka ungomwa mkaka, fumbi lonse lichoka. Zafika potopetsa, chifukwa si zoona.

Mkaka umadutsa kummero n'kukathera m'mimba. Fumbi ndi utsi zimatsata njira ya mpweya mpaka m'mapapo, komwe mkaka sufika n'komwe. Fumbi losalala la miyala likakhazikika m'menemo limasiya zipsera zosapola, matenda otchedwa silicosis, ndipo wodwalayo TB imamugwira mosavuta.

Choteteza ndi masiki yoyenera ntchitoyo. Pa fumbi, gulani yolembedwa N95 kapena FFP2. Kansalu komanga pamphuno sikagwira tinthu tosaoneka ndi maso. Popopera penti N95 siyikwanira, pamafunika masiki yokhala ndi zosefera zamakala. Mukavala N95 kapena FFP2, phimbani masikiyo ndi manja onse n'kutulutsa mpweya. Ukamathawira m'mbali, finyani kachitsulo kapamphuno ndi kukoka zingwe. Ndevu nazo zimasiya mpata. Miyala muzithira madzi musanayambe kuswa.

Werengani machenjezo olembedwa pachitini cha penti, kapena funsani azaumoyo. Ndipo achinyamata ophunzira ntchito musamawapatsire nkhani zomwe inu eni simunazitsimikize.