Mwana akachedwa kulankhula, yambani ndi makutu osati lilime

"Musadandaule, anyamata amachedwa kulankhula." Mawu amenewa ndawamva mpaka atopetsa. Amanena ndi achibale, amanena ndi anansi, nthawi zina ngakhale ogwira ntchito zachipatala amene timayembekeza kuti akudziwa bwino. Inde, atsikana amatsogolako pang'ono, koma kusiyana kwake n'kochepa kwambiri. Mnyamata wa zaka zitatu amene sakutulutsa liwu ndi limodzi lomwe sakuchedwa chifukwa choti ndi mnyamata. Pali chimene chavuta, ndipo chiyenera kufufuzidwa.

Ife amene timafufuza kakulidwe ka ana sitiyamba n'kuwerenga mawu. Timayang'ana zimene zimabwera mawuwo asanafike. Khanda la miyezi 6 mpaka 10 limayamba kubwereza "bababa" kapena "mamama". Pofika chaka limaloza chinthu ndi chala, kenako n'kutembenukira kwa mayi ake kuti aone nawo. Pa zaka ziwiri ana ambiri amakhala ndi mawu 50 kapena kuposa, ndipo amalumikiza awiri, monga "mama bwera".

Thupi nalo lili ndi mbali yake. Mu 2006 bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linatulutsa zotsatira za kafukufuku wa ana a ku Ghana, India, Norway, Oman ndi United States. Ana athanzi anayamba kukhala pansi okha pakati pa miyezi 4 ndi 9, ndipo kuyenda okha pakati pa miyezi 8 ndi 18. Ena ochepa sanakwawe n'komwe, koma anayenda bwinobwino. Mpata wake ndi waukulu, komabe uli ndi malire. Ndiye taonani mmene kukula kwa thupi ndi kulankhula zimagwirizanirana: mwana akayamba kukhala pansi manja amamasuka, amagwira zinthu n'kumazitembenuza. Akayamba kuyenda amanyamula chinthu n'kukachionetsa kwa wamkulu, wamkuluyo n'kuchitchula dzina. Mawu ambiri amalowa m'mutu mwa njira imeneyi.

Pali mnyamata wina amene sindimuiwala. Makolo ake anabwera naye ali ndi zaka zinayi, asakulankhula. Ali ndi zaka ziwiri, munthu wina wodzitcha katswiri anauza makolo kuti lilime ndi lomangika, ndipo anadula kamtsempha ka pansi pa lilime. Mwana anataya magazi, bala linapola, makolo n'kuyamba kudikira. Nditafunsa ngati amamva, bambo ake anayankha motsimikiza kuti amamva, chifukwa chitseko chikamenyeka amadzidzimuka. Ndinakhala kumbuyo kwake n'kumuitana dzina lake katatu. Anapitiriza kusanja timatabwa take, osacheuka. Atamuyeza ndi makina anapeza kuti makutu onse awiri samva bwino. Phokoso lalikulu ankalimvadi, koma mawu a anthu ankamudutsa.

Makolo aja sanali osasamala ayi. Anachita zimene anauzidwa. Chimene chimandiwawa n'chakuti palibe amene anaganiza zoyeza makutu, pamene akatswiri amalangiza kuti khanda liyezedwe lisanapitirire mwezi umodzi, vuto litsimikizidwe pofika miyezi 3, ndipo thandizo liyambe pofika miyezi 6. Khanda losamva nalonso limalira, limaseka, limatulutsa timawu m'miyezi yoyambirira, n'chifukwa chake makolo amanyengeka. Mnyamata uja analandira zipangizo zothandiza kumva ndipo anayamba kuphunzira, koma zaka zimene ubongo umagwira chilankhulo mosavuta zinali zitapita zambiri.

Choncho za lilimezi tisiyane nazo. Lilime lomangika lilipodi, ndipo lingavutitse khanda poyamwa, koma silichititsa mwana kulephera kumva zimene mukunena kapena kusowa mawu m'mutu. Chimodzimodzi mankhwala akumwa amene akutsatsidwa pa Facebook, oti "amatsegula pakamwa". Palibe mankhwala ophunzitsa mwana mawu. Wogulitsayo akudya ndalama zanu, ndipo choopsa kwambiri akudya nthawi ya mwanayo. Zoti zilankhulo ziwiri pakhomo zimasokoneza mwana nazonso n'zabodza. Werengani mawu ake a zilankhulo zonse pamodzi.

Si mwana aliyense wochedwa amene ali ndi vuto la makutu. Ana pafupifupi 7 pa 100 alionse amavutika kuphunzira chilankhulo ngakhale amamva bwino, ndipo amafunika katswiri wophunzitsa kulankhula. Koma kuti tifike pamenepo, makutu ayambe ayezedwa.

Zina musadikire n'komwe tsiku la sikelo. Mwana amene ankanena mawu kenako n'kusiya, pitani naye kuchipatala sabata yomweyo. Amene wakwanitsa miyezi 18 asakuyenda, chimodzimodzi. Ndipo mnyamata wochedwa kulankhula amene amagwa pafupipafupi, wokhala ndi akatumba aakulu a m'miyendo, amene podzuka pansi amatsamira manja pa mawondo ndi ntchafu zake, pemphani kuti ayezedwe magazi kuti aone kuchuluka kwa CK, chinthu chimene chimachuluka m'magazi minofu ikamawonongeka. Matenda a minofu a Duchenne nthawi zina amayamba kuonekera chonchi.