Chilonda cha nsomba sichipola ndi kukwecha thanki

Ambiri oweta nsomba m'thanki yagalasi akaona chilonda chofiira pa nsomba, amathamangira kutaya madzi onse, n'kukwecha miyala ndi fyuluta (chosefera madzi) pa mpopi, ati kuchotsa matenda. Kumeneko n'kuipha nsombayo.

M'fyuluta ndi pamiyala pamakhala mabakiteriya abwino amene amasandutsa ammonia wochokera m'zonyansa za nsomba kukhala nitrite, kenako nitrate, amene savulaza nsomba kwambiri ngati ammonia. Klorini wa m'madzi a pampopi amawapha. Akafa, ammonia amachuluka n'kuotcha khungu la nsomba, ndipo mabakiteriya oyambitsa matenda monga Aeromonas, omwe amakhalamo kale m'madzimo, amapeza polowera. Chilonda chimangokula, m'mbali mwake mutayera.

Chotsani gawo limodzi lokha mwa magawo anayi a madziwo, muthiremo ena ochotsedwa klorini, ofunda mofanana ndi otsalawo. Fyuluta muitsukuluze m'madzi omwe mwatunga m'thankimo.

Ngati mukuweta mbuna za m'Nyanja ya Malawi, khalani pansi muzionerere kaye. Zazimuna n'zandewu zedi, zimalumana polimbirana mapanga, ndipo zilonda zambiri zimayambira pamenepo. Yovulalayo ipatuleni m'thanki ina. Chilonda chikazama mpaka mnofu kuonekera, pafunika mankhwala a kwa dokotala wa ziweto.