Chisoti cha Crosby Garrett ndi nkhope zachitsulo za asilikali a Roma

Pamene lamulo loteteza zinthu zakale zofukulidwa pansi ku England linkasinthidwa mu 2023, ambiri anakumbukira chisoti cha mkuwa chimene munthu wina anachipeza ndi makina ofufuzira zitsulo mu May 2010 ku Crosby Garrett, m'chigawo cha Cumbria. Chinapezeka chitaphwanyika zidutswa 67, ndipo popeza lamulo la 1996 silinkawerengera chinthu chimodzi chokha cha mkuwa ngati chuma cha dziko, kampani ya Christie's, yogulitsa zinthu kwa wopereka mtengo wokwera kwambiri, inachigulitsa ku London pa 7 October chaka chomwecho pa mtengo wa mapaundi pafupifupi 2.3 miliyoni. Nyumba yosungiramo zinthu zakale ya Tullie House ku Carlisle, imene anthu wamba anaisonkhera ndalama, inalephera kupikisana ndi wogula amene sanadzitchule dzina.

Chisotichi chili ndi nkhope ya mnyamata wa tsitsi lopotanapotana, yokhala ndi timipata ta maso, ndipo pamwamba pake pali kachifanizo ka chilombo chamapiko. Amene anafotokoza bwino ntchito ya zisoti zotere ndi Arrian, bwanamkubwa wa chigawo cha Aroma cha Cappadocia (m'dziko la Turkey la masiku ano) m'masiku a Hadrian, mfumu ya Roma. Iye analemba kuti asilikali okwera pamahatchi ankagawana magulu awiri pabwalo n'kumaponyerana mikondo yopepuka, ndipo odziwika kapena aluso kwambiri ankavala zisoti zophimba nkhope yonse zokutidwa ndi golide kuti owonerera awayang'anitsitse. Umboni wake ndi wolemera chifukwa iye mwini ankatsogolera asilikali, komabe ankafotokoza za chionetsero chokha, ndipo apa ndi pamene akatswiri amasiyana maganizo.

Ena amati zisotizi zinali zamasewera basi, popeza wovalayo sakanatha kuona bwino m'mbali. Koma ku Kalkriese ku Germany, kumene ambiri amakhulupirira kuti Arminius, mtsogoleri wa mitundu ya ku Germany, anagonjetserako magulu atatu a asilikali a Roma otsogoleredwa ndi Varus m'chaka cha 9 AD, kunapezeka nkhope yachitsulo yomwe siliva wake anali atakanganulidwa, ili pakati pa zotsalira za nkhondo yeniyeni. Nkhope imodzi singathetse mkangano, poti mwina inali m'katundu chabe, koma n'zovuta kuinyalanyaza.

Mafunso otere amayankhika pamene akatswiri ali ndi mwayi wopenda chinthucho mobwerezabwereza. Chisoti china chotere cha Ribchester ku England, chopezeka mu 1796, chili ku British Museum, pomwe cha Crosby Garrett chimaoneka pokhapokha mwini wake akachibwereketsa, monga anachitira ku Tullie House mu 2013.