Nsima yokha siimanga thupi

Amayi ambiri amene ndimakumana nawo kusikelo kuno ku Lilongwe amandifunsa funso limodzi: "Mwanayu amadya phala mpaka kukhuta, nanga bwanji sakukula?" Yankho lake lili mu tizinthu ting'onoting'ono totchedwa ma amino acid.

Zakudya zomanga thupi, zomwe ena amati mapuloteni, zikafika m'mimba zimagayidwa n'kusanduka tizidutswa. Tizidutswa timeneti ndiye ma amino acid, ndipo thupi limatilumikizanso mwa njira yake kuti lipange minofu, magazi, khungu, tsitsi ndi asilikali olimbana ndi matenda. Alipo amitundu 20. Mwa amenewa, 11 thupi limatha kupanga lokha, koma 9 otsalawo ayenera kuchokera m'mbale. Mayina awo ndi histidine, isoleucine, leucine, lysine, methionine, phenylalanine, threonine, tryptophan ndi valine. Musavutike kuwaloweza onse. Kwa ife odya nsima, awiri okha ndiwo tiyenera kuwadziwa bwino, lysine ndi tryptophan, chifukwa ndi amene amaperewera kwambiri mu chimanga.

Vuto lake n'lakuti thupi silisunga ma amino acid monga limasungira mafuta. Likafuna kumanga mnofu limafuna onse akhalepo, ndipo mmodzi akachepa ntchito imaima pamene iyeyo wathera, ngakhale enawo atachuluka bwanji. Otsalawo amangotenthedwa kukhala mphamvu. N'chifukwa chake mwana wodya phala la ufa woyera, mchere ndi shuga basi angathe kukhuta tsiku lililonse koma n'kupinimbira.

Lysine amathandiza pa kukula ndi pa kupola kwa zilonda. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati munthu wamkulu amafunika mamiligalamu 30 a lysine pa kilogalamu iliyonse ya kulemera kwake patsiku, ndiye wolemera makilogalamu 60 afunika magalamu 1.8. Mwana amafunika ochulukirapo pa kilogalamu poti akukula. Nyemba zouma zili ndi lysine wochuluka pafupifupi kasanu kuposa chimanga cholemera chimodzimodzi. Nyembazonso zimaperewera methionine, yemwe chimanga chili naye. Makolo athu pophatikiza nsima ndi nyemba, khobwe, nandolo kapena nzama sankadziwa mayinawa, koma sanalakwitse. Likuni Phala, yemwe dzina lake linachokera ku Likuni pomwepa, ndi nzeru yomweyo: chimanga chosakaniza ndi soya.

Tryptophan ndiye amene thupi limapangira vitamini B3. Tryptophan ndi vitamini B3 akasowa onse awiri pamabwera matenda a pellagra: khungu limada ndi kusweka pamalo owombedwa ndi dzuwa monga m'khosi ndi m'manja, munthu amatsegula m'mimba, pena mutu umasokonekera. Matendawa anavuta kwambiri m'misasa ya anthu othawa nkhondo ya ku Mozambique kuno ku Malawi mu 1989 ndi 1990, pamene ankadalira ufa wa chimanga ndipo mtedza unasowa pa chakudya chomwe ankalandira.

Mazira, mkaka, nyama ndi nsomba zili ndi onse 9 mokwanira. Ndikudziwa kuti nyama ndi yodula, koma kamulu ka bonya kapena usipa pamsika wa ku Kawale kapena Mchesi kamagwira ntchito yomweyo, ndipo ngumbi ndi mbewa nazonso musazinyoze. Mtedza ndi wabwino pa tryptophan ndi vitamini B3, koma pa lysine umachepera soya ndi nyemba, choncho nsinjiro m'phala ndi poyambira chabe.

Chimene ndimadandaula nacho ndi kagawidwe ka ndiwo pakhomo. Mwana amapatsidwa msuzi wa nyemba kuti anyowetsere nsima, nyemba zenizenizo n'kupita kwa akuluakulu. Mumsuzi mulibe zambiri. Mphwanyireni nyembazo, musinjireni usipa wouma n'kuthira supuni imodzi kapena ziwiri m'phala la mgaiwa, ndipo dzira likapezeka limodzi lokha, lipite kwa wamng'onoyo.